Mzere Wofiira pa Gudumu la Chigayo

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Mponela pamapezeka wina wokodola mnzake, n'kundiloza ndi mlomo. Amayesa sindikuona. Amati, "Ndi amayi aja adaswa chigayo." Zina amanena chapansipansi, koma ndimazidziwa zonse chifukwa ndidazimva kale zili zaziwisi. Eya, ndine amene. Ndidaswa ndi manja angawa, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pomwepo, ndipo mutandipatsanso hamala ija lero ndikhoza kuswanso. Amene akudikira kuti ndidzapepese ayambe akadya kaye, chifukwa adikira mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Chigayocho chidali cha ine ndi malemu amuna anga. Ine kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, koma adanditenga chitengwa, ndiye ndidakakhala kwawo, mudzi wina cha ku Msakambewa, pakati pa abale awo. Tidachipeza ndi thukuta la fodya. Kusoka ndimasoka ndine, kupachika m'chigafa ndine, ndipo podinda mabelo sindidaonepo mlamu aliyense atabwera kudzagwirako chingwe. Injini yake idali ya dizilo, zakalekale zija zolira kuti thu thu thu, zomveka mpaka kutsidya kwa dambo. Pambali pa injiniyo padali gudumu lalikulu lachitsulo, lolemera moti amuna awiri ankalinyamula akubuula. Poliza injini munthu ankaima moyandikana ndi gudumulo, n'kupukusa hendulo mpaka injini itagwira. Ikagwira, gudumu linkathamanga moti masipoko ake sankaoneka n'komwe.

Amuna anga atamwalira ndi matenda a shuga, amene adayamba kuima pamalo pamenepo adali mwana wanga wamwamuna. Ndiye yekha amene ndidatsala naye. Woyamba adali wamkazi, ndipo adandisiya akadali wamng'ono, malungo, chaka chomwe tidagula chigayo. Mawu amenewa muwasunge, poti anthu a m'mudzi muja adawasunga bwino kuposa mbewu. Mwana wamwamunayo pa nthawiyi n'kuti atakwatira, mkazi wake ali ndi khanda kumbuyo. Ntchito ankaidziwa, sindinama. Koma m'mawa uliwonse mimba yake inkakhala kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pa gudumu lija, ndipo tsiku lonse ankazungulira pomwepo, kuthira oyilo, kukonza lamba.

Chaka chimenecho, anthu atangoyamba kukolola, ndidalowa m'chigayo injini ili chozima. Mwana wanga adamaliza kumanga nati ina, n'kuponya sipanala, ndipo sipanalayo idagunda gudumu. Zaka zonsezi gudumulo likagundidwa linkalira kuti ngwee, kulira kotalika. Tsiku limenelo lidangoti gwa, basi. Mayi aliyense amene adagulapo mphika wadothi pamsika amadziwa tanthauzo la kulira kotero. Ndidatola sipanala n'kugogodanso, uku ndi uku. Mbali ina linkayankha, mbali ina ayi.

Ndidati, "Iwe, gudumuli lang'aluka."

Adaseka. "Amayi, chitsulo si mphika. Mukuona mng'alu pati?"

Zoonadi sunkaoneka. Ndidapukuta ndi nsanza, ndidayang'ana mpaka maso kuwawa, palibe. Koma mtima sudakhale pansi, ndiye ndidaimbira foni mlongo wanga.

Mlongo wangayu ndi wamng'ono kwa ine, ndidamubereka kumbuyo ndine. Amagwira ntchito ku Kanengo, ku Lilongwe, ndipo ntchito yake ndi yoyeza zitsulo popanda kuziswa: matanki a mafuta, mapaipi, malo amene anthu awotcherera. Amafufuza ming'alu imene diso silingaione. Iye amati ngakhale kuchipatala sang'amba mwendo kuti aone ngati fupa lathyoka. Ine ndinkamuseka kuti ndi munthu yekhayo m'banja mwathu amene amalipidwa chifukwa chopezera anzake zifukwa. Kuntchito kwake ali ndi makina omvetsera m'kati mwa chitsulo, koma amenewo satuluka pageti. Adati abwera ndi zina zopepuka, zokwana m'chikwama.

Adabwera Loweruka m'mawa, tsiku limene pachigayo pamadzaza. Amayi adali atandanda kale panja ndi matumba ndi malichero awo. Iye adati ntchito yake imafuna kuwala, ndiye tidatsekula chitseko chonse ndi zenera lomwe. Adatulutsa zitini zitatu zopopera. Ndi choyamba adatsuka gudumu, kuchotsa girizi ndi gaga yense mpaka chitsulo kuyera. Ndi chachiwiri adapopera utoto wofiira psuu kuzungulira pakati pa gudumu, pamene pamalowa shafiti. Adati tidikire kuti utotowo ulowe paliponse pamene pali mpata. Amayi angapo amene adali pakhomo adaona zonsezi ndi maso awo, ndipo mmodzi adafunsa ngati tikupaka chigayo kuti chikongole. Ndimawadziwa onse, ndi mayina a ana awo omwe.

Patapita nthawi adapukuta utoto uja bwinobwino, osasiya ngakhale kadontho. Gudumu lidabwerera mwakale. Kenaka adapopera chitini chachitatu, ndipo chitsulo chidayera mbee ngati achiwaza ufa woyera. Adakhala pa thumba la chimanga n'kunena kuti, "Tsopano achemwali, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pa nthawi imeneyo mpamene adalowa alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu amuna anga. Munthu ameneyu sadandikondepo chilowereni m'mudzimo. Ankagayitsa ulere, koma moni wake unkatuluka ngati akumukoka ndi chingwe. Utoto wofiira uja sadauone ukupoperedwa. Iye adangopeza gudumu loyera, ife tikuliyang'ana.

Pa kuyera paja padayamba kuoneka kamzere kofiira, kowonda ngati ulusi. Kadayambira pa shafiti, n'kumatalika pang'onopang'ono kulowera ku sipoko imodzi. Kadanenepa tikuona. Mapeto ake dontho lidasonkhana pansi pake n'kuyenderera kutsika. Mlongo wanga adaimirira, nkhope itasintha. Adandiuza motsitsa mawu kuti utoto umabisala mu mng'alu, ndipo zoyera zija zimaukoka kuti utuluke. Ukatuluka wambiri chonchi ndiye kuti mng'aluwo ndi wakuya. Adatembenukira mwana wanga nati, "Mphwanga, injini iyi isalirenso mpaka tipeze gudumu lina. Ili likaphulika likuthamanga, amene waima apa sitidzamutola wathunthu."

Mawu amenewo palibe adawamva kupatula ife atatu, chifukwa alamu adali atayamba kale kukuwa.

"Mayo ine! Chigayo chikutuluka magazi! Bwerani mudzaone, magazi!"

Abale inu, ndidaona amayi akuluakulu, ovala zoyera Lachinayi lililonse, akusuzumira pakhomo n'kubwerera chammbuyo manja ali kumutu. Aliyense adasenza thumba lake, balala. Ndidatuluka ndi chitini m'manja ndikukuwa kuti ndi utoto, onani, utoto! Ndidaitana aja adaona akupopera kuti anene. Mmodzi adayang'ana kumbali. Wina adati iye adali kutali, sadaonetsetse. Asa! Munthu amene mpweya wake ndinkaumva pakhosi pangapa!

Kwathu kuno mwini chigayo sakhala wosalakwa. Anthu amagayitsa kwa iwe, amakusekerera, koma m'mitima amati chitsulo sichingazungulire chokha n'kulemeretsa munthu popanda kukhwimira. Nkhani imeneyi idali itagona zaka zonse, ndipo mzere uja udaidzutsa. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udali utadziwa kuti magaziwo ndi a mwana wanga wamkazi uja, kuti ine ndidamuika m'chigayo chaka chimene tidachigula. Mawa lake zidakula: amuna anganso ndidawadya ndine, tsopano chigayo chamva ludzu, ndipo mlongo wanga adabwera kuchokera kutauni kudzachidyetsa. Mwana amene ndidathamanga naye kumsana kupita kuchipatala cha ku Dowa, akutentha ngati mbaula, n'kubwera naye wozizira. Ameneyo ndiye adamuika m'kamwa mwawo kumamutafuna.

Sindidapite kukalira kuchipinda ayi. Ndidapita kwa alamu. Ndidawapeza akutongola chimanga pakhonde ndi amayi ena awiri.

"Alamu, bwerezani pamaso panga zimene mukulalika m'mudzimu."

"Ine sindidanene kanthu. Chanena ndi chigayo."

"Chigayo chomwe mwadyera ulere mpaka masaya kugwa? Ngati m'chigayomo muli mwana wanga, ndiye kuti mwakhala mukudya mwana wa mlongo wanu zaka zonsezi, ndipo simudatsamwidwe!"

Adaimirira, chitsononkho m'manja. "Tamverani mlomowo. Munthu wosalakwa amayankhula chonchi?"

Ndidawauza zina zambiri zimene sindingalembe pano, poti pepalali angawerenge ana. Sindikubweza ngakhale limodzi. Koma ndikutuluka pabwalopo ndidadziwa kuti mawu anga apita kukawonjezera nkhuni pamoto womwewo.

Mlongo wanga, munthu wa sukulu, adaganiza kuti anthu akaona bwinobwino amvetsa. Adabweranso Lamulungu lotsatira, napempha mkulu wa mpingo wathu, bambo wina amene adapuma pa uphunzitsi, kuti anthu asabalalike akatuluka m'tchalitchi. Pansi pa mtengo wa pabwalo adatenga khasu lakale la m'munda wa mpingo, naonetsa chitini chilichonse, nafotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa ana a sitandade wani. Adatsuka, adapopera chofiira, adapukuta, adapopera choyera. Tidadikira. Pafupi ndi msuka wa khasu padatuluka kamzere kofiira.

"Mwaonatu," adatero mlongo wanga. "Khasu ili lili ndi mng'alu. Palibe magazi apa."

Kenaka mawu a alamu adamveka kumbuyo: "Mwaona nokha! Ngakhale khasu la mpingo akulitulutsa magazi. Nanga munthu angamutani?"

Ndidayang'ana mkulu wa mpingo uja kuti ayankhe. Munthu woti adaphunzitsa sayansi theka la anthu amene adaima pamenepo. Adakonza tayi yake, natiitanira pambali. Adati iye wamvetsa bwino lomwe, ndi utoto, palibe chovuta. Koma pali abale ofooka m'chikhulupiriro, ndipo si bwino kuwakhumudwitsa. Choncho zingakhale bwino kuti ine ndiyambe ndaima kaye kudya mgonero mpaka nkhaniyi itazizira.

Ndidati, "Bambo, ngati mwamvetsa, kanenenitu pamaso pa anthu paja."

Adati, "Mayi, mukhale wodekha."

Mwa onse a m'nkhani imeneyi, amene ndimamuda kwambiri ndi bambo ameneyu. Alamu mwina ankakhulupiriradi zimene ankanena. Uyu ankadziwa.

Chigayo chidakhala chotseka. Mlongo wanga ankafunafuna gudumu lina ku Lilongwe, ku Mponela, kwa anthu ogula zitsulo zakutha, koma injini za mtundu umenewo zidatha kalekale, ndipo limene adapeza koyamba lidali laling'ono. Ankandiimbira kuti achemwali pirirani, lipezeka. Ine makiyi ndidawamanga pa mpango wa m'chiuno, ndinkagona nawo. Chimanga chidali mbwee m'mudzi monse, anthu n'kumasenza matumba kupita ku chigayo chakutali, akudutsa pakhomo panga osapereka moni.

Kenaka akuchimuna adaitanitsa msonkhano wa banja. Adandikhazika pamphasa ndekha, iwo mbali inayo. Mwana wanga adakhala pakati pawo, mutu uli pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo. Adayankhula ndi alamu aamuna ena, koma mawu onse adali a mlongo wawo uja, ndinkawazindikira ngati mmene umazindikirira ndiwo za mnzako. Adati chigayo ndi cha m'bale wawo, ndipo mwini wake adapita. Adati mwana aziyendetsa yekha, bola ine ndisapondemonso. Adati gudumu lochokera kwa abale anga sakulifuna, poti sakudziwa kuti libwera ndi chiyani. Pomaliza adafunsa kuti kodi ine, munthu wa chitengwa, ndikudikiranso chiyani pamudzi pamene amene adanditenga kulibe.

Ndidati, "Chigayo tengani. Nyumba tengani, ndi nkhuku zomwe. Koma gudumu lija ndi long'aluka, ndipo amene amaima pambali pake ndi mwana wanga, si wanu."

Alamu aakazi aja adati, "Chong'aluka chikuchoka ndi inu."

Makiyi adandilanda tsiku lomwelo. Mawa lake adatsuka gudumu ndi madzi amchere, akuimba nyimbo za m'buku, ndipo litauma adalipaka penti wobiriwira, wokhuthala, kawiri. Lidakongola ndithu. Ana ankabwera kudzasuzumira pazenera.

Mwana wanga ndidamupeza kuseri kwa khola la mbuzi, ali yekha. Sindidamukalipire. Ndidamugwira mkono ngati kale.

"Iwe udalipo. Udamva zimene adanena atsibweni ako."

"Ndidamva, amayi."

"Nanga bwanji?"

Adandiyang'ana, maso ali ofiira. "Mkazi wanga akafika pamjigo anthu amachotsa ndowa zawo. Mwana wanga palibe amamunyamula. Ndikapanda kuliza chigayochi ndiye kuti ndavomera kuti muli chinthu. Ndikachiliza, chikagaya bwinobwino, nkhani yatha."

"Chikaphulika?"

"Lakhala likuzungulira gudumu limenelija ndili wosavala. Lidikire ine lero?"

Ndidamuuza kuti tsoka silinunkha. Adachotsa mkono wake pang'onopang'ono, nati azakhali ake akonza kuti chigayo chitsegulidwe Loweruka, ndipo mkulu wa mpingo abwera kudzapemphera. Adandipempha kuti tsiku limenelo ndikhale m'nyumba.

Lachisanu masana ndili kumanga katundu wanga m'zitenje, ndidamva thu, thu, thu thu thu. Ankayesa injini. Ndidakhala pansi pomwepo mbale zili m'manja. Ndinkamvetsera kugunda kulikonse ngati ndikumvetsera kupuma kwa wodwala. Idalira kanthawi kochepa n'kuzima, ndipo kunja kudamveka nthungululu za alamu. Ine ndidapeza kuti ndaluma mlomo mpaka kutuluka magazi, enieniwo. Ndidaimbira mlongo wanga. Adati mng'alu sumabwerera m'mbuyo, umangokula nthawi iliyonse gudumu likazungulira, ndipo palibe munthu angadziwe ngati litenge chaka kapena ola limodzi. Adati ayesa kupempha tchuthi abwere adzayankhule nawonso.

Ndidati, "Udzayankhule ndi ndani? Udayankhula kale, ndi khasu lomwe."

Loweruka m'mawa ndidatsikira kumsewu kumene anyamata amaswa miyala yogulitsa. Ndidabwereka hamala yawo yaikulu, ndidati ndikufuna kukhomera zikhomo za khola. Ndidaisenza paphewa ngati khasu, ndikukwera nayo chitunda. Nditafika, anthu adali atadzaza pachigayo, matumba ali mundandanda. Amene ankathawa aja adabwera onse, poti adamva kuti mfiti yachotsedwa ndipo tsiku loyamba agaya ulere. Chitseko chidali chotsekula. Mwana wanga adali ataima kale pamalo pake, hendulo ili m'manja, atavala ovolosi yochapa. Mkulu wa mpingo adakweza dzanja nati tipemphere, ndipo onse adaweramitsa mitu n'kutsinzina.

Bambo ameneyu sapemphera mwachidule, ndinkamudziwa. Ndidadutsa pakati pawo osagunda munthu. Adali akadali pa kuthokoza chifukwa cha mvula ya chaka chatha pamene ndidafika pa gudumu. Penti adabisa zonse, koma ine malo ndinkawadziwa, mzere uja ndinkauona ngakhale nditatsinzina. Ndidakankha mwana wanga ndi phewa kuti asunthe, ndidakweza hamala.

Koyamba idadumpha, mikono yanga idachita dzanzi mpaka m'mapewa. Pemphero lidaduka pakati. Kachiwiri penti adasweka motsata mzere womwe uja. Wina adakuwa kuti mugwireni, koma ndani akadayandikira mayi wamisala ali ndi hamala? Kachitatu gudumu lidati phwa, chibenthu chachikulu chidagwa pansi n'kukumba simenti pamene mwana wanga amaponda masiku onse.

Ine ndine mayi wa zaka zanga, si munthu woswa miyala. Gudumu labwino ndikadalimenya mpaka dzuwa kulowa, likadangondiseka. Ili lidagonja msanga chifukwa lidali litatha kale. Pamene padathyokapo padali pakuda bii, pa oyilo ndi dzimbiri zakale, pafupifupi ponseponse. Chitsulo chatsopano chonyezimira, chimene chidali chikugwirabe, chidali kachigawo kochepa m'mphepete, ngati m'lifupi mwa chala changa. Ndipo m'kati monse mwa pakuda paja mudali utoto wofiira uja, umene udalowa tsiku loyamba.

Ndidaponya hamala pansi. "Bwerani muone! Inu aphunzitsi, bwerani muone chimene mumafuna kudalitsa!"

Sadasunthe. Amene adasendera ndi alamu. Adasuzumira, nabwerera m'mbuyo akuwomba m'manja. "Ogo! Magazi ali m'kati mwenimweni! Waswa kuti abise umboni, koma Mulungu wamuyalutsa!"

Khamu lidayamba kusokosera, ena kutukwana, ena kulira ngati pamaliro. Ine sindinkawamvanso. Ndinkayang'ana mwana wanga. Adagwada pafupi ndi chibenthu chija, nayendetsa chala pa malo akuda, mpaka kufika pa kachigawo konyezimira. Adakayeza ndi chikhadabo. Mwana ameneyu adakulira m'chigayo, chitsulo amachidziwa kuposa ine. Adamvetsa zonse, ndikulumbira. Adakweza maso nayang'ana azakhali ake, nayang'ana mkazi wake amene adaima pakhomo ndi khanda, anthu atamutalikira mbali zonse. Kenaka adaimirira.

"Mwandichititsa manyazi, amayi. Chokani."

Ndidatola hamala ya eni ake n'kutuluka. Anthu adapatuka okha kundipatsa njira, zimene sadandichitirepo ngakhale pa maliro a amuna anga.

Madzulo ake ndidali pa lole ya fodya ndi mitolo yanga, kubwerera kumapiri kwathu. Mlongo wanga atamva adabwera kudzandiona. Adakhala pakhonde, akupukusa mutu, kuseka kukumufuna koma akuopa.

"Achemwali, ntchito yathu ija timayeza osaswa."

Ndidati, "Yako idagwira pa chitsulo. Pa anthu aja inkafunika yanga."

Patapita miyezi ingapo adalipeza gudumu loyenera, nalipopera zitini zake zija, lidatuluka loyera lopanda kamzere. Adatumiza uthenga kumudzi kuja kuti abwere adzatenge. Adayankha kuti zochokera kwa ife sazifuna. Okha sadapeze lina. Injini idachita dzimbiri, mapeto ake adagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo m'nyumba ya chigayo muja ndimamva kuti alamu amasungiramo nkhumba. Mlandu wonse uli pa ine, mayi amene adapha mwana, n'kupha mwamuna, n'kupha chigayo. Gudumu labwino lija lili kuseri kwa nyumba yanga, nkhuku zimakwerapo.

Kuno ndimalima mtedza ndi nyemba, ndipo ndikakolola ndimapita nazo pa Mponela. Kumeneko n'kumene kuli mwana wanga tsopano. Adachoka kumudzi kuja, amanyamula anthu pa njinga yamoto. Sadabwerepo kudzandiona, foni yanga sayankha, ndipo ana ake, amene tsopano alipo angapo, sadziwa kuti ndine ndani. Anthu a mtima wabwino amandiuza kuti nditume munthu akandipepesere, mwana ndi mwana. Ndikapepese chiyani? Kuti ndidalakwa kusamusiya apukuse hendulo ija? Zimandiwawa, sindibisa. Pali masiku ena ndimakhala pamsika osaitanira n'komwe malonda, mtima uli kuwira, ndikuwatukwana onse mmodzimmodzi kuyambira alamu mpaka mphunzitsi wa tayi uja. Iyenso mwana wangayo ndimamutukwana, chitsiru chamantha, chofanana ndi bambo ake pa kuopa alongo.

Koma malo anga pamsika ndidasankha dala, pafupi ndi pamene amaimika njinga zawo. Mwezi wathawu adadutsa pafupi kwambiri, atanyamula mayi wina ndi thumba la feteleza, moti fumbi la njinga yake lidagwera mu mtedza wanga. Adandiona, nayang'ana kumbali. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane adati, "Koma anyamata a njingawa ndi amwano, mukumudziwa ameneyu?"

Ndidati ndikumudziwa. Ndidatenga lichero n'kuyamba kupeta mtedza wanga, maso ali pa iye: mikono yonse iwiri ili pa chiwongolero, miyendo yonse iwiri ili m'malo mwake, msana wowongoka ngati wa bambo ake. Ndidamuyang'ana mpaka adakhota pa msewu wa ku Ntchisi.